Kusankha Buku Lotsogolera Mlendo ku Livingstone

Munthu wa ku Katete wofuna kukaona mzinda wakale wa Livingstone ali ndi ulendo wa makilomita oposa 900, ndipo mnzace amene alikugwira nchito ku migodi ya Kitwe kapena Mufulira ulendo wace suli waufupi ai. Masiku a tchuthi ndi owerengeka, ndarama nazonso ndi zowerengeka. Cifukwa cace ambiri amafuna buku lowauza kogona, zokaona, ndi mtengo wace. Mabuku otere ndi ambiri, ndipo pafupifupi onse ali m'Cingerezi, koma si onse angathandize munthu wa kuno.

Njira yabwino yoyesera buku ndi iyi. Ngati liri lofotokoza dziko lonse la Zambia, wogula asathamangire masamba a Livingstone, kumene sanafikeko. Ayambe watsegula pa Katete, kumene akudziwa. Kodi lachula cipatala ca St Francis, cimene cinayamba mu 1948? Kodi lanena zoona za mwambo wa Kulamba, kuti umacitikira ku Mkaika kumapeto kwa August, pamene mafumu a Acewa a mu Zambia, Malawi ndi Mozambique amadza kudzalamba Kalonga Gawa Undi? Wolemba amene wasokoneza Kulamba ndi Nc'wala ya Angoni, imene imacitikira ku Mtenguleni mu February, kapena amene wacha Gule Wamkulu ufiti, ameneyo anangopitirira pa mseu ali m'galimoto. Wotere sangakhulupirike pa za Livingstone, pakuti kumeneko wowerenga alibe pomugwirira bodza.

Buku likapambana mayeso amenewa, wogula ayang'ane caka, cimene cimalembedwa ndi zilembo zazing'ono kuseri kwa tsamba loyamba. Nkhani za mitengo, mabasi ndi nyumba zogona alendo zimaola msanga ngati mango. Mu January 2013 boma linacotsa maziro atatu pa kwacha, kotero kuti K50,000 inasanduka K50. Buku lolembedwa cakaco cisanafike lingaopse munthu pacabe, ndipo nyumba imene lilikuyamikira mwina inatsekedwa kale. Buku la Zambia la Bradt, lolembedwa ndi Chris McIntyre, linatuluka koyamba mu 1996 ndipo lakonzedwanso kangapo. Tsono wogula kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa mseu aonetsetse kuti wagwira la caka citi.

Komabe buku lakale si lotaya. Pa mbiri ya malowo mabuku akale ndiwo olemera. Mu 1952 munatuluka buku la Victoria Falls lokonzedwa ndi J. Desmond Clark, amene anali woyang'anira nyumba yosungiramo zinthu zakale ya mu Livingstone, ndipo mu 1975 D. W. Phillipson anakonza lina lochedwa Mosi-oa-Tunya. Amene wapeza limodzi la awa aliwerenge ali kunyumba, koma mitengo akafunse kwina.

Mbiriyo ndiyo imapatsa ulendo kukoma. Mlendo wosawerenga amadabwa kuona kuti mzinda uli makilomita 10 kucokera ku mathithi. Buku labwino limamuuza kuti Azungu oyamba anakhala pa doko la Old Drift m'mbali mwa Zambezi, kumene malungo anawapha kwambiri, ndipo manda ao alipobe. Mlatho wa njanji utatha mu 1905, anasamukira ku mtunda wa mcenga kumene kuli mzinda lero. Livingstone inakhala likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 kufikira 1935, pamene boma linasamukira ku Lusaka. Wodziwa izi akayenda m'mseu waukulu, nyumba zakale za makhonde zija zimayamba kukhala ndi tanthauzo.

Pano pali poyeseranso wolemba. Mabuku ena amayamba nkhani ndi November 1855, pamene David Livingstone anafika pa mathithi, monga ngati kale kunalibe anthu. Koma iye anafikako m'bwato, atatsogoleredwa ndi Amakololo a mfumu Sekeletu, ndipo anthu a mfumu Mukuni anali pomwepo kale lomwe. Buku losachula Mukuni lafotokoza theka la mzindawo.

Linenenso za nyengo mosabisa. Mu April madzi amakhala ocuruka, nthunzi yace imanyowetsa munthu ngati mvula ndi kubisa phompho. Mu October ndi November mbali ya ku Zambia imatsala miyala yambiri ndi timadzi tocepa, ndipo munthu amene anasunga ndarama miyezi yambiri angabwerere wokhumudwa cifukwa cakuti cithunzi ca pa cikuto cinajambulidwa mwezi wina.

Cotsala ndi cakuti mabuku ambiri amalembedwera alendo a kunja odza pa ndege, ndipo mitengo yace iri m'madola. Nzika ya Zambia imalipira pang'ono polowa ku mathithi ndi ku nyumba ya zinthu zakale, malinga ionetse citupa cace. Buku lolembedwera mlendo wa ku London silingakumbutse munthu wa ku Sinda kapena Vubwi zimenezi. Tsono citupaco acilonge m'thumba asanakwere basi.