Cifukwa Cace Kanema Adumpha-dumpha pa Kompyuta

Munthu akajambula ukwati ndi kamera ya kanema, nafuna kukonza zithunzizo pa kompyuta, kawiri-kawiri apeza kuti zidumpha-dumpha, mau osayenda pamodzi nazo. Asataye mtima, zithunzizo sizinaonongeke ai.

Makamera a AVCHD, mtundu umene Sony ndi Panasonic anauyamba mu 2006, apanikiza zithunzi kuti zisadye malo. Cithunzi cathunthu acisunga mwa apo ndi apo. Pa zotsatira asunga zosintha zokha. Tsono kompyuta yofooka ilema pozimanganso, pakuti zifunika 25 kapena kuposa pa sekondi iri yonse.

Cocita ndi ici: ayambe wakopera za m'khadi zonse m'kompyuta, napange makope opepuka ochedwa proxy, nagwirire nchito pa iwo. Potsiriza pulogalamu ibwerera ku zithunzi zenizeni, ndipo eni ukwati alandira kanema wao wosalala bwino.