Tchalitchi cha pa Mishoni ya Blantyre

Awerengi athu amene anafikako ku Blantyre anaona tchalitchi cha njerwa chotchedwa St. Michael and All Angels. Ambiri amayesa kuti mpingo wa pamenepo unayamba ndi nyumba imeneyi, koma si tero ai.

Amishoni a ku Scotland anakhazikika m'dziko la Mfumu Kapeni m'chaka cha 1876, ndipo anthu anayamba kupembedza nyumbayi isanamangidwe. Ntchito yomanga inayamba mu 1888, mtsogoleri wake ndiye Mbusa David Clement Scott. Iyeyu sanaphunzire umisiri womanga, ngakhale pulani yolembedwa analibe. Anthu a konkuno ndiwo anaumba njerwa, naziotcha pomwepo, namanga kufikira anaitsegula pa 10 May, 1891.

Makoma anakhala omwewo, koma mpingo unanka nusintha. Mu 1911 Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha anadzozedwa, nakhala abusa oyamba achiafirika a mishoniyi. Mu 1924 a Blantyre ndi a Livingstonia anagwirizana napanga mpingo wa C.C.A.P., ndipo a Nkhoma analowamo mu 1926.

Akhristu atachuluka, malo anachepa. Akulu a mpingo sanagumule nyumba ya makolo ao, ndipo apa tikuti anachita mwanzeru. Anamanga holo yaikulu pambali pake, koma mapemphero ena amachitikabe m'tchalitchi chakalecho.

Aphunzitsi, mukapita ndi ana kumeneko, muwaonetse njerwa zake. Zili za maonekedwe osiyanasiyana, zoumbidwa m'zikombole zamatabwa.