Musanathire thumba lina la mchere mu swimming pool, kumbukirani Chilwa

Mukafunsa anyamata a ku Ntaja, Nselema, Ulongwe kapena Phalula amene anapitako ku Joni, ambiri akuuzani kuti anayambira ntchito ya m'gadeni. Kutchetcha kapinga ndi kusesa masamba sikuvuta. Mutu umaima abwana akaloza swimming pool n'kunena kuti nayonso ndi yanu. Kuno kwathu, malo ena ogona alendo ku Liwonde alinso ndi maiwe osambiramo ofunika munthu wowasamala. Madzi akangosanduka obiriwira alendo ali pakhomo, ntchito imatha kuthera pomwepo.

Ena mwa maiwewa ndi amchere. Mmalo mothira klorini tsiku ndi tsiku, mumathira mchere. Pampu imakankha madziwo kudutsa m'kachipangizo kotchedwa cell, momwe muli timalata toyenda magetsi, ndipo timalatato timasandutsa mcherewo kukhala klorini. Klorini ikamaliza kupha majeremusi ndi ndere imabwereranso kukhala mchere. Ndiye kuti mchere womwewo umangozungulira, sutha msanga ngati sopo.

Mchere wake si wochuluka ngati wa m'nyanja zikuluzikulu, momwe lita imodzi imakhala ndi magalamu pafupifupi 35. Makina ambiri a m'maiwe amafuna magalamu 3 mpaka 5 pa lita. Pa makinapo muyezowu amaulemba kuti 3,000 mpaka 5,000 ppm. Nambala yeniyeni imasiyana malinga ndi mtundu wa makina, choncho werengani kabuku kake, kapena lembani dzina la makinawo pa Google.

Apa ndi pamene mwana wa ku Machinga ali ndi mwayi, poti phunziro lalikulu analiona kale pa nyanja ya Chilwa. Mitsinje ya Domasi, Likangala ndi Phalombe imathira m'nyanjayi, koma palibe mtsinje wotulukamo. Dzuwa limatenga madzi okha, mchere n'kutsalira. N'chifukwa chake madzi a Chilwa amamveka kamchere, ndipo nyanja ikamaphwa mcherewo umakula mphamvu. Inaphweratu mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inaumanso, mabwato n'kutsala pamatope.

Swimming pool nayo ndi Chilwa wamng'ono. Madzi akatsika chifukwa cha dzuwa la Okutobala, mchere sunapite kulikonse. Onjezerani madzi basi. Amene amathira thumba la mchere nthawi iliyonse akawonjezera madzi amapyoletsa muyezo. Mchere umachepa pokhapokha madzi enieniwo atatuluka: potsuka sefa kumene amati backwash, dziwe likasefukira ndi mvula, osambira akamathovutsira madzi kunja, kapena penapake pakamadontha.

Choncho lamulo ndi limodzi: yezani kaye musanathire. Pali timapepala toviika m'madzi tosonyeza kuchuluka kwa mchere, palinso kamita kamagetsi. Ku South Africa mashopu ambiri ogulitsa zinthu za m'maiwe amayeza madzi mukawatengera m'kabotolo. Kuyeza kamodzi pamwezi n'kokwanira, komanso mvula yamphamvu ikagwa.

Kanyali kapamakina kolembedwa kuti low salt musamangokakhulupirira. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye ku Johannesburg, madzi ozizira amapangitsa makina kuwerenga mchere wochepa pamene ulimo wokwanira. Zimachitikanso timalata tija tikakutidwa ndi zoyera zonga laimu. Yang'anani cell, yezani ndi kapepala, kenako muganize zotsegula thumba.

Masamu ake ndi a pulayimale. Kilogalamu imodzi ya mchere m'malita 1,000 imakweza muyezo ndi 1,000 ppm. Dziwe la mamita 8 mulitali, mamita 4 mulifupi ndi mita imodzi ndi theka kuya limakhala ndi malita 48,000. Ngati mwapeza 3,000 ppm pomwe makina akufuna 4,000, pakufunika makilogalamu 48, kapena kuti pafupifupi matumba awiri a makilogalamu 25. Thirani limodzi kaye. Zimitsani makina a klorini koma pampu iziyenda, mwazani mcherewo kumbali yosazama, ukololeni ndi burashi mpaka usungunuke, ndipo muyezenso pakatha maola 24. Gwiritsani mchere wa m'maiwe. Wapatebulo uja amauthira zinthu zina zimene zimatha kudetsa madzi ndi makoma.

Nanga mchere ukachuluka? Palibe mankhwala ouchotsera. Umadya makwerero achitsulo ndi zomangira, ndipo makina ena amangozima okha. Njira ndi kutaya madzi ena n'kuthira abwino. Kuti 6,000 ppm itsike kufika pa 4,000, mumataya gawo limodzi mwa magawo atatu a dziwe lonse. Pa dziwe lathu lija ndi malita 16,000, ndipo bilu ya madzi ikabwera abwana adzafuna kudziwa amene anathira mcherewo.

Kwa amene akugwira ntchitoyi konkuno pali chinanso. M'madera ena a Balaka ndi m'chigwa cha Chilwa, mijigo ina imatulutsa madzi amchere kale. Mukamadzazira dziwe ndi madzi otere chaka chonse, mukuwonjezera mchere pang'onopang'ono osadziwa, monga imachitira mitsinje ija ku Chilwa. Yezani madzi a pamjigowo musanayambe kuwerengera matumba. Komanso magetsi akazima nthawi yaitali makina sapanga klorini. Pamenepo thirani klorini wapamanja, osati mchere.

Moyo wanunso muusamale. Zoyera za pa cell amazitsuka ndi asidi wosungunula kwambiri m'madzi. Nthawi zonse thirani asidi m'madzi, osati madzi mu asidi. Valani magolovesi ndi zoteteza maso, ndipo musayerekeze kusakaniza asidi ndi klorini chifukwa mpweya wake umatha kupha. Muyezo wa pH uzikhala pakati pa 7.2 ndi 7.6 kuti klorini igwire bwino ntchito.

Pomaliza, tsegulani kanotsi pafoni yanu. Muzilemba tsiku, muyezo umene mwapeza ndi makilogalamu amene mwathira. Abwana akadzafunsa chifukwa chimene simunathire mchere mwezi uno, mudzangowaonetsa manambala.