Msewu usanadutse, amasaina ndani?

Pa 1 Januwale 2017, akuluakulu a Caltrans, nthambi yoona za misewu m'chigawo cha California ku America, anadzuka manja ali omangika. Ndalama zinalipo, mainjiniya analipo, mapulani a misewu ndi milatho anali pa matebulo. Chinawathera ndi mphamvu yosaina kuti ntchito yakutiyakuti yaunikidwa bwino ndipo ikhoza kuyamba. Lamulo lovomera kuti California itha kusumiridwa m'makhothi a boma lalikulu pa nkhani zotere linali ndi tsiku lothera, ndipo tsikulo linafika aphungu a chigawocho asanaliwonjezere nthawi. Boma la ku Washington linaimitsa pomwepo mgwirizano umene unapatsa California mphamvuyo n'kupereka masiku 90 oti zinthu zikonzedwe. Mphamvuyo inabwerera mu Malichi, Gavanala Jerry Brown atasaina lamulo latsopano.

Miyezi itatu imeneyi ikuonetsa pamene pagona dongosolo lonse. Ku America chigawo chikhoza kutenga ntchito ya boma lalikulu younika mmene msewu udzakhudzire chilengedwe ndi anthu, koma chimaitenga pamodzi ndi milandu yake. Chikakana kuimbidwa mlandu, chimalandidwa cholembera.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake Amereka amakangana chonchi pa siginecha, ayenera kubwerera ku 1956, pamene Pulezidenti Dwight Eisenhower anasaina lamulo lomanga misewu ikuluikulu yolumikiza zigawo zonse. Misewuyo inatukula malonda, koma m'mizinda yambiri inadutsitsidwa pakati pa madera a anthu akuda, amene mawu awo sankapita patali. Ku Miami dera la Overtown linang'ambidwa pakati. Ku New Orleans, mu 1966, mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa Claiborne Avenue, pamene anthu ankasonkhana ndi kuchita malonda awo, inagwetsedwa kuti pamwamba pake padutse msewu wa I-10. Ku Memphis anthu anakana kuti msewu wa I-40 udule paki ya Overton, nkhaniyo inafika ku khothi lalikulu kwambiri la dzikolo mu 1971, ndipo mpaka lero msewuwo umalambalala pakiyo.

M'nyengo yomweyo, pa 1 Januwale 1970, Pulezidenti Richard Nixon anasaina lamulo lotchedwa National Environmental Policy Act, mwachidule NEPA. Lamuloli sililetsa boma kumanga. Limangoti boma lisanachite ntchito yaikulu, kapena kupereka ndalama zake ku ntchito yotero, liyambe launika zotsatira zake, liganizire njira zina, liuze anthu zimene lapeza ndi kumva maganizo awo. Kauniuniyu ali pa magawo atatu. Ntchito zazing'ono, monga kuthiranso phula pa msewu wakale, zimadutsa mwachidule, ndipo zoposa 90 pa 100 zilizonse za ntchito za misewu zimagwera m'gulu limeneli. Zina zimafuna kauniuni wapakati. Zikuluzikulu zimafuna lipoti lozama, limene kafukufuku wa boma wa mu 2020 anapeza kuti linkatenga pafupifupi zaka zinayi ndi theka kuti lithe, ndipo la misewu linkatha kupitirira apo.

Pa misewu, wosaina anali Federal Highway Administration, nthambi ya boma lalikulu. Komatu amene amajambula msewu, kulemba makontilakitala ndi kuusamalira ndi zigawo. Kotero lipoti linkalembedwa ku likulu la chigawo, n'kutumizidwa kwa akuluakulu a boma lalikulu, n'kubwerera ndi mafunso, n'kupitanso. Zigawo zinkadandaula kuti zikugwira ntchito imodzi kawiri pamene mitengo ya simenti ndi zitsulo ikukwera.

Mu 2005 nyumba ya malamulo ya dzikolo inalola zigawo zisanu, Alaska, California, Ohio, Oklahoma ndi Texas, kuti ziyesere kutenga udindowu. Inalimba mtima ndi California yokha, mu 2007. Lamulo lina la mu 2012 linatsegulira khomo zigawo zonse, ndipo Texas inalowa mu 2014, Ohio mu 2015, Florida mu 2016, Utah ndi Alaska mu 2017, Arizona mu 2019. Zigawo zilipo 50, ndipo kwa zaka zambiri zochuluka zinangoonerera. Chimene chimaziziritsa nkhongono n'chodziwika. Malamulo oyendetsera dzikolo amateteza chigawo kuti munthu wamba asachikokere ku khothi la boma lalikulu, ndipo chigawo chofuna udindowu chiyenera kuvula chitetezo chimenecho, kudziimira chokha pa milandu ndi kusenza chigamulo chilichonse. Chiyeneranso kulola kuti boma lalikulu lizibwera kudzafufuza mafailo ake chaka ndi chaka m'zaka zinayi zoyambirira. Ndipo pali zina zimene Washington sapereka n'komwe: kukambirana ndi mitundu ya eni nthaka a ku America, imene ili ndi maboma akeake, kumakhalabe udindo wa boma lalikulu.

Kodi ntchito inafulumiradi? California ndi Texas zinati inde, ndipo zinatchula miyezi yambiri imene zinapulumutsa. Koma mu 2018 ofesi yofufuza za kayendetsedwe ka boma, Government Accountability Office, inachenjeza kuti ziwerengerozo n'zovuta kuzidalira, chifukwa pali zinthu zambiri zimene zimachedwetsa kapena kufulumizitsa ntchito, monga ndalama ndi malamulo a chigawo chenichenicho.

Funso lolemera lili pena. Nthambi imene ikufunitsitsa msewu ndi yomweyo imene tsopano ikugamula ngati msewuwo uli bwino. Achewa amadziwa kuti fisi sasungitsidwa mbuzi, ndipo otsutsa dongosololi ku America amanena zomwezo m'mawu awo. Umboni umene amaloza kawirikawiri ndi mzinda wa Houston.

Kumeneko nthambi ya misewu ya Texas inakonza zokulitsa msewu wa I-45, ntchito ya madola mabiliyoni ambiri. Malipoti ake omwe anaonetsa kuti mabanja oposa 1,000 adzasamutsidwa, pamodzi ndi mabizinesi oposa 300, nyumba zopemphereramo ndi sukulu, makamaka m'madera monga Fifth Ward, Near Northside ndi Independence Heights, kumene kumakhala anthu akuda ndi olankhula Chisipanishi. Mu Febuluwale 2021 nthambiyo inadzisainira yokha chilolezo chomaliza. Mwezi wotsatira, boma la dera la Harris County linaisumira, ndipo boma lalikulu linapempha kuti ntchito iime kaye, pogwiritsa ntchito lamulo la ufulu wa anthu la mu 1964 loletsa tsankho pa ntchito zolandira ndalama za boma. Panatha zaka ziwiri. Mu Malichi 2023 mbali ziwirizo zinagwirizana kuti msewu upitirire, Texas italonjeza zina zowonjezera pa nyumba za osamutsidwa, ngalande za madzi ndi kuyeza ukhondo wa mpweya. Amene ankafuna kuti msewuwo usakulitsidwe sanapeze chimene ankafuna, ndipo nyumba za Clayton Homes, zimene boma linamangira anthu osauka, zinagwetsedwa. Komabe aliyense ankadziwa dzina la wosaina, khothi lokamusumira, ndi wina wa pamwamba woti n'kumudandaulira.

Ku Malawi zinthu zinaikidwa mwina, ndipo pa pepala zili bwino kuposa za ku Texas. Womanga ndi wounika ndi osiyana. Misewu ikuluikulu ili m'manja mwa Roads Authority, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2006. Kauniuni wa zachilengedwe anayamba ndi lamulo la mu 1996, ndipo lamulo latsopano la mu 2017 linakhazikitsa bungwe la Malawi Environment Protection Authority, MEPA, limene limavomereza kapena kukana malipoti. Mwini ntchito amalemba akatswiri oti achite kafukufuku, iwo amayendera malo, amakumana ndi mafumu ndi anthu, kenaka lipoti limapita ku Lilongwe. Zambia nayo ili ndi dongosolo lofanana, kudzera ku bungwe la ZEMA lomwe linabwera ndi lamulo la mu 2011.

Vuto la kuno ndi mtunda. Mphamvu yonse yosaina ili ku likulu, pamene zinthu zofunika kudziwa zili kumudzi. Amene amadziwa kuti pa dambo lakuti madzi amasefukira mu Febuluwale, kuti kankhalango kali pambali pa msewu ndi manda kapena dambwe, kuti chitsime chimene amayi a midzi itatu amatungapo chili pomwe kontilakitala akufuna kukumba dothi, ndi a mfumu, a komiti ya chitukuko ya m'mudzi, alangizi a zaulimi ndi a zankhalango. Ku khonsolo kuli mkulu woona zachilengedwe ndi komiti yake, ndipo pa ntchito zazing'ono monga misewu ya fumbi ndi timilatho ta m'midzi iwowa amaunika okha. Koma ukabwera msewu waukulu, kawirikawiri amaitanidwa ngati alendo ku msonkhano, amapereka maganizo, amasaina pa kaundula wa obwera, basi. Pakatha chaka, makina atachoka, dzenje limene munakumbidwa dothi likadzaza madzi n'kuyamba kuswetsa udzudzu kapena kumiza mwana, anthu amapita kukalira kwa bwanamkubwa, amene sanasaine chilolezo ndipo alibe mphamvu pa kontilakitalayo.

Ngakhale likulu lenilenilo silinapulumuke ku mikangano. Mu 2021, ntchito yokulitsa msewu wa Kenyatta ku Lilongwe kuti ukhale wa mizere isanu ndi umodzi itayamba, mitengo yakale ya m'mbali mwake inagwetsedwa, ndipo anthu ambiri anadzidzimuka ataona zitsa. Omenyera zachilengedwe anafunsa poyera ngati kauniuni anachitika mu nthawi yake ndiponso ngati anthu anafunsidwa. Izi zinachitika pafupi ndi maofesi onse a boma, pa msewu umene akuluakulu amadutsa tsiku lililonse. Munthu angathe kuganiza mmene zimakhalira ku Nthalire kapena ku Makanjira.

Pali mlonda wina amene Amalawi samutchula kawirikawiri, ndiye wobwereketsa ndalama. Ntchito yokonzanso makilomita pafupifupi 300 a msewu wa M1, m'magawo angapo a pakati pa mphambano ya ku bwalo la ndege la Kamuzu ndi Chiweta kumpoto, inalandira ndalama za European Investment Bank ndi European Union. Mabungwe otere, komanso World Bank, ali ndi malamulo awoawo okhudza chilengedwe, kusamutsa anthu ndi chipukuta misozi, ndipo atha kuimitsa ndalama akaphwanyidwa. Mwanjira ina, iwo amagwira ntchito imene Washington amagwira kwa Texas. Kusiyana kwake n'kwakuti munthu wa ku Houston amavotera boma limene likumuyang'anira, pamene wa ku Mponela alibe voti ku mabungwe amenewo. Ndipo msewu womangidwa ndi ndalama za boma lokha, kapena za msonkho wa pa mafuta, umakhala wopanda diso lachiwirilo.

South Africa inasankha njira yapakati. Pansi pa lamulo la mu 1998, zigawo zake zisanu ndi zinayi zimavomereza malipoti ambiri, koma amachita zimenezi ndi nthambi za zachilengedwe za zigawozo, osati nthambi za misewu, ndipo ntchito zodutsa malire a zigawo kapena za mabungwe a boma lalikulu zimapita ku boma lalikulu ku Pretoria. Zimenezi sizinathetse mikangano. Anthu ena a Amadiba ku Eastern Cape akhala akulimbana kwa zaka zambiri ndi njira imene msewu watsopano wa N2 ukudutsa m'dera lawo la m'mphepete mwa nyanja.

Malawi inavomereza mfundo ya mphamvu ku anthu mu 1998. Kuyambira pamenepo nkhani yakhala yoti udindo umatsika koma ndalama ndi akatswiri zimatsalira kumwamba. Wina atanena lero kuti makhonsolo azivomereza okha malipoti a misewu ikuluikulu, nkhawa zake ndi zomveka: khonsolo yopanda katswiri wa za madzi, yopanda loya, nthawi zina yopanda ngakhale mafuta a njinga yamoto yoyendera malo, ingalimbane bwanji ndi kampani yaikulu, kapena ndi phungu amene analonjeza msewuwo pa kampeni? Kutsitsa cholembera chokha kungangosamutsa vuto kuchoka ku Lilongwe kupita ku Ntchisi.

Kupereka kauniuni kwa womanga msewu ndi mbali ya dongosolo la ku America imene Malawi sayenera kutengera. Choyenera kuchiyang'anitsitsa ndi mtengo umene zigawo zimalipira: kuonetsa kuti zili ndi antchito ndi ndalama zokwanira zisanalandire udindo, kulola kufufuzidwa ndi kuti zotsatira zake zisindikizidwe, kuvomera kusumiridwa, ndi kudziwa kuti mphamvuyo ikhoza kulandidwa monga zinachitikira California. Zida zina Malawi ali nazo kale. Lamulo la mu 2017 limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala m'malo aukhondo ndi wokadandaula ku khothi, ndipo lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Chikusowa ndi chakuti lipoti la msewu lizipezeka pa ofesi ya bwanamkubwa ndi kwa mfumu yaikulu, mfundo zake zikuluzikulu zitamasuliridwa m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao kapena m'Chisena, ndi kuti khonsolo ikhale ndi mphamvu yokana kuti kontilakitala alandire malipiro omaliza maenje asanakwiriridwe ndi ngalande zisanatsegulidwe.

Namondwe Ana mu Januwale 2022 anadula msewu wa M1 ku Chikwawa, ndipo Freddy mu Malichi 2023 anakokolola milatho ndi misewu ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Blantyre. Misewu imeneyi ikamamangidwanso, pamafunika kusankha kukula kwa makalavati, kutalika kwa milatho ndi kumene madzi adzalowere akachoka pa phula. Anthu amene anaona pamene madzi anafika m'masiku amenewo akadali m'midzi yomweyo, ndipo ena a iwo atha kuloza chizindikiro chake pa khoma la tchalitchi kapena pa thunthu la mtengo wa mango.