Nyumba timaziwerenga, nanga malo a maesiteti?

Anthu akamva kuti ntchito yanga ndi ya ziwerengero, funso lawo loyamba limakhala lakuti, "Kodi manambala anu aja si ongopeka?" Lachiwiri amafunsa motsitsa mawu: "Mukalemba nyumba zathu, mayina mumakapereka kwa a msonkho?" Lachiwirili sindimalipeputsa. Atsamunda atayamba kukhometsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, mlendo wobwera m'mudzi kudzawerenga madenga sankabwera ndi zabwino, ndipo mantha amenewo anatsalira m'mitima. Lero zinthu nzosiyana. Lamulo la ziwerengero limaletsa kuulula zomwe banja layankha, ndipo wolemba aliyense amalumbira kusunga chinsinsi asanatumizidwe kumudzi. Chimene chimatuluka ku ofesi ya National Statistical Office ku Zomba ndi chiwerengero cha onse pamodzi, osati dzina la uje.

Ntchito yathu yaikulu ndi kalembera wa anthu ndi nyumba. Chilandirire ufulu, dziko lino lachita kalemberayu mu 1966, 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018. Womalizayu anapeza anthu 17,563,749 m'dziko lonse, ndipo 602,305 mwa iwo anali m'boma la Mchinji, lomwe zaka khumi m'mbuyomo linali ndi anthu ongopitirira 450,000. Aka kanalinso koyamba kuti olemba ayende ndi matabuleti m'malo mwa mitolo ya mapepala.

Wolemba akafika pakhomo amayang'ana khoma ndi denga. Nyumba ya njerwa zootcha kapena simenti yofolera malata timaiika m'gulu la zokhalitsa. Ya zidina kapena yomata ndi dothi, yofolera udzu, ili m'gulu la zachikale. Yosakaniza, monga khoma la zidina koma denga la malata, ili pakati. Magulu atatuwa ali ndi zofooka zake, pakuti malata odontha ndi malata atsopano timawalemba mofanana. Komabe denga limanena zambiri za thumba la mwini. M'madera olima fodya, mtedza ndi soya ngati kwa Mkanda kapena ku Kapiri, chaka chikayenda bwino pamsika ndalama yambiri imathera ku malata, ndipo kusintha kumeneko kumaoneka tikayerekeza kalembera wina ndi mnzake.

Banja nalo tili ndi njira yathu yolidziwira: ndi anthu amene amakhala pamodzi ndi kudya za mumphika umodzi, kaya ndi pachibale kaya ayi. Bambo wa mitala amalembedwa kamodzi kokha, ngakhale makomo ake atakhala awiri. Kumalire zimavutirapo pang'ono. Pali mabanja amene amagona ku Malawi koma munda wawo uli kuseri kwa zipilala za malire, ku Zambia, ndipo pali ana a mayi mmodzi amene wina amalembedwa ndi ife pomwe mbale wake amalembedwa ndi anzathu a ku Chipata. Kalembera salumpha malire ngakhale chibale chimalumpha tsiku ndi tsiku pa Mwami ndi m'tinjira ta m'tchire.

Pakati pa makalembera timachita kafukufuku wa mabanja wotchedwa Integrated Household Survey. Woyamba anachitika mu 1997/98, wachisanu mu 2019/20. Ameneyu safika pakhomo lililonse. Amasankha mabanja pafupifupi 11,000 kapena 12,000 m'dziko lonse, ndipo ku Mchinji kumagwa mazana ochepa chabe. Apa mpamene ambiri amatikayikira: mazana ochepa angayankhulire bwanji boma lonse? Onani venda wa mtedza pa Kamwendo. Sakhuthula thumba lonse kuti adziwe ngati mtedza uli wouma. Amapisa dzanja pamwamba, pakati ndi pansi. Akangotapa pamwamba pokha, pamene mlimi waika wosankha, wapusitsidwa. Nchifukwa chake mabanja ofunsidwa amasankhidwa mwamaere ndi kompyuta, osati ndi a mfumu kapena wolemba amene akufuna makomo a m'mbali mwa msewu. Zotsatira zake zimadalirika ponena za boma lonse la Mchinji, koma munthu akakuuzani kuti kafukufukuyu wapeza zakutizakuti za mudzi umodzi wa kwa Mlonyeni, mufunseni kuti wazitenga kuti.

Tsono nayi nkhani imene imandisowetsa mtendere. Njira zonsezi zimayambira pakhomo la banja. Timagogoda, wina amatsegula, timafunsa. Kampani ilibe khomo lotere. Esiteti ya mahekitala mazanamazana siphika nsima, choncho pamndandanda wa mabanja siipezekapo. Kanyumba ka udzu ka wantchito wa pa esitetiyo tikalemba ndithu, ndi kufunsa ngati ndi kake, ka lendi kapena kopatsidwa ndi abwana. Koma nthaka imene kanyumbako kaimapo, kukula kwake, mwini wake ndi gawo limene likulimidwa, sizilowa m'mafunso athu. Zotsatira zake nzakuti tikhoza kukuuzani ndi chidaliro kukula kwa munda wa mlimi wamng'ono, koma eni malo aakulu zedi amatidutsa osaoneka.

Ku Mchinji iyi si nkhani yaing'ono, chifukwa bomali, pamodzi ndi Kasungu, ndi kwawo kwa maesiteti a fodya. Pa nthawi ya Kamuzu Banda lamulo la mbewu zapadera, Special Crops Act, linkachititsa kuti fodya wa bale azilimidwa pa maesiteti pokha. Makampani aakulu ngati a Press anatenga malo ambiri, anduna ndi akuluakulu a boma nawonso analimbikitsidwa kutsegula awo. Kenako anthu wamba anaona pamene pali ndalama: banja limasonkhanitsa minda ya makolo, kupempha chilolezo kwa mfumu, kutenga lizi, nkukhala "esiteti" kuti lipeze laisensi ya bale. Maesiteti anali pafupifupi 1,200 mu 1979. Pofika 1989 anali atapitirira 14,000, ndipo m'zaka za m'ma 1990 anayandikira 30,000. Malizi ambiri anali a zaka 21. Alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima bale kuyambira 1990, phindu lokhala ndi lizi linachepa, ndipo ambiri sanavutikenso kukaikonzetsa itatha. Mapepala anatsala m'mafayilo, malire ena anajambulidwa ndi dzanja popanda wopima malo kufikapo.

Kuti tidziwe za malo amenewa timayenera kusiya khomo ndi kupita ku kaundula wa Unduna wa Zamalo. Mapepala a maliziwo atalowetsedwa mu kompyuta, akatswiri awiri, Klaus Deininger wa World Bank ndi Fang Xia, anawasanthula ndi kutulutsa zomwe anapeza mu 2017. Maesiteti a ulimi anapezeka kuti atenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a malo olima a dziko lino. Malizi pafupifupi 70 pa 100 alionse anali atatha nthawi yake. Mahekitala pafupifupi 140,000 anali olowana, kutanthauza kuti nthaka imodzimodziyo inalembedwa m'malizi oposa imodzi. Atayika mapu a maliziwo pamwamba pa zithunzi za setilaiti, anaona kuti malo amene panali mbewu sanafike theka la malo onse a maesiteti. Boma nalo linali kutaya ndalama zambiri za msonkho wa malo chaka ndi chaka.

Manambala amenewa ndi a dziko lonse, ndipo ndikuchenjezeni kuti musawanyamule ndi kukawaika pa esiteti imene mwayandikana nayo. Setilaiti imaona kuti apa palibe mbewu, koma sidziwa chifukwa. Mwina ndi munda wogonekedwa kuti nthaka ipume, mwina ndi nkhalango yosungira mitengo ya zigafa, mwina ndi dambo la ng'ombe, mwinanso mwiniyo anamwalira kalekale ndipo ana ake ali ku Lilongwe. Pakufunika munthu wopita kukaona ndi kufunsa. Ndipo pamene pali mbewu, chithunzi sichinena ngati wolimayo ndi mwini lizi, wobwereka, kapena anthu a m'mudzi woyandikana amene analowerera chifukwa kwawo malo anatha.

Mikangano ya malo ikabuka, mbali iliyonse imabwera ndi chiwerengero chake. A m'mudzi amati malo onse angokhala. Mwini esiteti amati akugwiritsa ntchito mpaka kumalire. A mfumu ndi a DC amaweruza ali ndi mapu akale m'manja. Ife a ziwerengero, amene tikanathandiza, timafika ndi matebulo onena za madenga ndi zimbudzi.

Maiko ena anatseka mpata umenewu. Ku Japan kafukufuku wa nyumba amachitika zaka zisanu zilizonse kuyambira 1948, ndipo kuyambira 1993 anawonjezera wina wofunsa makampani okhaokha: muli ndi malo aakulu bwanji, ali kuti, munawapeza liti, mukuchitapo chiyani. Sindikunena kuti titengere zonse za dziko lolemera chotero. Koma nzeru yake njosavuta: kampani ikhale ndi mndandanda wake ndi mafunso ake. Kwathu kuno zoyesera zinakhalapo. Kunali kafukufuku wa kagwiritsidwe ntchito ka malo a maesiteti chapakati pa zaka za m'ma 1990, amene anathandiza pokonza ndondomeko ya malo ya 2002, komanso kalembera wa ulimi ndi ziweto wa 2006/07. Vuto ndi lakuti ntchito zotere zimabwera mwa apo ndi apo, thandizo la akunja likapezeka, pomwe malo akusintha manja chaka chilichonse.

Malamulo atsopano akufuna manambala amene kafukufuku wa mabanja sangapereke. Malamulo a malo a 2016, omwe anakonzedwanso mu 2022, anakhwimitsa zopereka malo kwa anthu amene si nzika za dziko lino. Koma lizi ikalembedwa m'dzina la kampani, kuti mudziwe ngati eni ake ndi Amalawi muyenera kutsegula kaundula wina, wa makampani, amene amasungidwa ndi ofesi ina. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa ulimi wa utenanti, ndipo kuti tione ngati lamulolo lagwira pa maesiteti a ku Mchinji tiyenera kudziwa kaye maesiteti amene akugwirabe ntchito, ndi anthu angati akukhalapo. Zaka khumi zikatsatidwa monga mwa nthawi zonse, kalembera wina adzakhala mu 2028. Mapu a madera a olemba amakonzedwa kalembera asanayambe, ndipo ine ndikanakonda kuti pa mapu amenewo pajambulidwenso malire a lizi iliyonse, kuti nyumba iliyonse tikailemba tizidziwa ngati yaima pa malo a makolo, a boma kapena a esiteti.