Ulendo wa magazi owuma kuchokera kumudzi kufika ku labotale

Mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi kachilombo ka HIV akakwanitsa masabata 6, namwino amamubaya pachidendene n'kudonthezera magazi m'timikombero tisanu tojambulidwa pa kapepala kapadera. Kapepalako amakaumitsa pamthunzi kwa maola osachepera atatu, kenako amakatsekera m'kajumbo limodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi. Anjinga zamoto a Riders for Health amakatenga mpaka kakafike ku labotale yaikulu, monga ya pa Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene makina a PCR amafufuza kachilomboko. Njira youmitsa magaziyi anaitchukitsa Robert Guthrie ku America m'zaka za m'ma 1960 poyeza makanda matenda obadwa nawo. Kwathu kuno phindu lake n'loonekeratu: magazi a m'botolo amafuna magetsi, firiji ndi makina olekanitsa madzi ake pasanathe tsiku, pamene owuma amapirira masabata angapo. Popanda kapepalaka, mwana wa ku Nsanje kapena ku Chitipa sakanayezedwa mofanana ndi wa m'tauni.

Alipo akatswiri amene amakayikira njirayi, ndipo ali ndi mfundo. Kapepalaka kamagwiritsidwanso ntchito poyeza kuchuluka kwa tizilombo mwa munthu amene akumwa ma ARV, koma muyeso wodalirika umachokera m'madzi a m'magazi otchedwa plasma. Dontho lowuma limasunga maselo onse, ndipo ena mwa maselowo ali ndi kachilombo kobisala. Motero makina angathe kuwerenga tizilombo topitirira 1,000, malire amene amachititsa achipatala kuganiza kuti mankhwala sakugwira, pamene munthuyo akumwa mokhulupirika. Nkhawayi ndi yoona, koma sikukwanira kuti titaye kapepala. Poyamba, sasintha mankhwala pa muyeso umodzi: munthu amalandira uphungu kenako amayezedwanso patatha miyezi itatu. Komanso tsopano kuli makhadi okhala ndi kansalu kosefera, monga a kampani ya Roche, kamene kamagwira maselo pamwamba n'kulola plasma yokha kudutsa kukauma pansi. Ntchito ya makina a magetsi ikugwiridwa ndi sefa yopyapyala ngati tsamba.

Pamene pamavuta kwenikweni ndi pobwerera. Zotsatira zikachedwa, kapena zikangogona m'kaundula mayi osauzidwa, khanda limene lili ndi kachilombo limachedwa kuyamba mankhwala pa nthawi imene thupi lake ndi losalimba. N'chifukwa chake mayi ali ndi ufulu wofunsa tsiku limene magazi anatumizidwa, kuona kuti lalembedwa m'buku lake la kuchipatala, ndi kukadandaula ku komiti ya chipatala zotsatira zikapanda kubwera.