Wantchito kapena mwini bizinesi? Lamulo la IR35 ndi tsogolo la ogwira ntchito za kontirakiti ku Britain

Ambiri a ife tili ndi m'bale kapena mnansi amene adapita ku Britain kukagwira ntchito ya unamwino, ya makompyuta kapena ya zomangamanga. Ena mwa iwo sadalembedwe ndi bwana mmodzi ayi, koma amagwira ntchito pa kontirakiti ya miyezi ingapo, ikatha n'kupita kwina. Kuno kwathu tikadati ndi ganyu, ngakhale kuti ndi ganyu wa anthu ophunzira ndipo malipiro ake ndi apamwamba. Kwa zaka zoposa 25 boma la Britain lakhala likulimbana ndi funso limodzi lokhudza anthu otere: pa nkhani ya msonkho, kodi munthuyu ndi wantchito kapena ndi mwini bizinesi? Yankho lake ndilo limanena kuchuluka kwa ndalama zotsala m'thumba mwake, ndi zimene angatumize kumudzi.

Tiyambe ndi gwero la nkhaniyi. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri ambiri adazolowera kutsegula kakampani kawokawo, komwe mwini wake ndi wantchito wake adali munthu mmodzi yemweyo. Banki kapena chipatala chimalipira kampaniyo, ndipo mwini wake amadzipatsa malipiro ochepa, ndalama zotsalazo n'kuzitenga ngati phindu la kampani. Pa phindu lotere salipira chopereka cha National Insurance, chimene wantchito aliyense amadulidwa pamodzi ndi msonkho wa PAYE. Wopereka ntchito nayenso amapulumuka: sapereka gawo lake la National Insurance, salipira tchuthi, salipira munthu akadwala. Padali ena amene amasiya ntchito Lachisanu n'kubwerera Lolemba pa desiki yomweyo, atasanduka kampani.

Pofuna kutseka mpata umenewu, m'mwezi wa Malichi 1999, Gordon Brown ali nduna ya zachuma, nthambi yotolera misonkho ya Inland Revenue idatulutsa chikalata cha nambala 35. Apa ndi pamene padachokera dzina loti IR35. Lamulolo lidayamba kugwira ntchito mu Epulo 2000, ndipo mfundo yake ndi iyi: tikachotsa kakampani kali pakati paja, munthuyo n'kuoneka kuti ndi wantchito ngati ena onse, ayenera kukhoma msonkho monga wantchito.

Tsono wantchito timamudziwa bwanji? Makhoti a ku Britain amatsata mfundo za mu mlandu wa Ready Mixed Concrete wa 1968. Choyamba, ndani amalamula za ntchito yoti igwiridwe, nthawi yake, malo ake ndi kagwiridwe kake? Chachiwiri, kodi munthuyo angatumize wina kukagwira m'malo mwake? Chachitatu, kodi pali pangano loti uyu azipereka ntchito ndi malipiro, winayo azigwira? Namwino wa m'wodi amatsata ndandanda ya chipatala, amamvera wamkulu wa wodiyo, ndipo sangatumize mnzake popanda chilolezo. Kawirikawiri iye amawerengedwa kuti ali m'kati mwa IR35. Katswiri amene wagwirizana mtengo woti apange pulogalamu imodzi ya kompyuta, ndi zipangizo zake, ndipo akalakwitsa akonza ndi ndalama zake, amaoneka kuti ali kunja.

Pa pepala zimamveka bwino, koma m'khoti zimavuta. Christa Ackroyd, yemwe ankaulutsa nkhani pa BBC, adagonja mu 2018. Lorraine Kelly wa pa ITV adapambana mu 2019. Gary Lineker, amene bungwe la misonkho la HMRC linkafuna kuti alipire mapaundi pafupifupi 4.9 miliyoni, adapambana mu 2023. Ngati anthu otha kulemba maloya odziwika amatha zaka ali m'khoti, nanga munthu wamba angatani?

Kusintha kwakukulu kudadza mu Epulo 2017. Kufikira nthawi imeneyo mwini kakampani ndiye ankadziweruza yekha. Kuyambira pamenepo udindowo udapita kwa wopereka ntchito m'nthambi za boma, monga zipatala za NHS ndi makhonsolo. Mu Epulo 2021, patachedwa chaka chimodzi kaamba ka mliri wa Covid-19, lamuloli lidafikanso ku makampani akuluakulu ndi apakatikati omwe si a boma. Wopereka ntchito ayenera kulemba chigamulo chake ndi zifukwa zake, ndipo akalakwitsa, ngongole ya msonkho ingagwere iye kapena bungwe limene limalipira munthuyo. Poopa zimenezi, mabanki ena akuluakulu adangosiya kulemba anthu kudzera m'timakampani totere. Mu Seputembala 2022 nduna Kwasi Kwarteng idalengeza kuti ithetsa kusintha kwa 2017 ndi 2021, koma pasanathe mwezi, Jeremy Hunt, amene adalowa m'malo mwake, adabweza ganizolo.

Pamene pagona dandaulo la ambiri ndi apa. Munthu amene waikidwa m'kati mwa IR35 amakhoma msonkho ngati wantchito, koma zimenezo pazokha sizimupatsa ufulu wa wantchito, popeza ku Britain malamulo a msonkho ndi malamulo a ntchito amayenda padera. Kontirakiti ikatha palibe chipukuta misozi. Koma tisaiwale mbali ya boma: anthu awiri ogwira ntchito yofanana, pa malo amodzi, pansi pa bwana mmodzi, si chilungamo kuti wina azisonkha zambiri kuposa mnzake, pamene onse akadwala amapita ku chipatala chimodzi choyendera misonkho yomweyo.

Nanga kutsogoloku kuli zotani? Ife tikuona njira zitatu. Yoyamba ndi ya makampani otchedwa ambulera, amene amalemba munthu ntchito, kulandira ndalama zake ndi kumudula msonkho asanamupatse. Ambiri alowa m'menemu. Vuto lake n'lakuti gawo la bwana la National Insurance, limene lidakwera kuchoka pa 13.8 kufika pa 15 peresenti mu Epulo 2025, limachotsedwa pa mtengo wa kontirakiti munthu asanawerengeredwe malipiro. Makampani ena a mtunduwu adanyengeza anthu ndi malonjezo a msonkho wochepa, ndipo mu 2024 boma lidalengeza kuti kuyambira mu Epulo 2026 mabungwe opezera anthu ntchito azikhala ndi udindo pa msonkho wa PAYE wa anthu odzera m'makampani amenewa.

Njira yachiwiri ndi ya amene ali ndi bizinesi yeniyeni: makasitomala angapo, zipangizo zawo, ndi mtengo wa ntchito yonse m'malo mwa malipiro a pa tsiku. Awa apitiriza, makamaka ndi makampani ang'onoang'ono, amene lamulo la 2021 silidawakhudze. Njira yachitatu ndi kubwerera ku ntchito yokhazikika, ya malipiro ocheperako koma ya tchuthi ndi penshoni. Amene malo awo akutha ndi aja a pakati, ooneka ngati kampani pa pepala pamene tsiku ndi tsiku ndi antchito.

Choncho kwa abale athu amene ali ku London, Manchester kapena Leeds tikuti: musanasaine kontirakiti, pemphani chigamulo cholembedwa cha wopereka ntchito, ndipo ngati simukugwirizana nacho lamulo limakulolani kudandaula. Werengani pepala la malipiro mzere ndi mzere. Wina akakulonjezani kuti gawo la malipiro anu lidzabwera ngati ngongole yosakhomera msonkho, thawani, chifukwa HMRC idzafuna msonkhowo kwa inu, ngakhale patapita zaka. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ndipo ife otsala kuno, ndalama yochokera kunja ikachepa mwezi wina, tisafulumire kunena kuti mwana watiiwala. Mwina kontirakiti yake yangoikidwa m'kati mwa IR35.